Kudzutsa mthuthuthu wogona kuseri kwa nyumba

Munthu akatsika minibasi pa Bvumbwe m'mawa wa mwezi wa June, chiperoni chitakuta mapiri, choyamba kumulonjera ndi kulira kwa njinga zamoto. Anyamata a kabaza amakhala atandanda m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo, ena akukweza matumba a kabichi, ena akuitanira anthu opita m'midzi ya mkati. Njinga zawo zambiri ndi za masiku ano, zochokera ku China ndi ku India, za mayina ngati Lifo, Sanlg ndi Boxer. Koma mwa apo ndi apo pamadutsa ina yolira mosiyana ndi zinzake. Mawu ake ndi osongoka, kumbuyo ikusiya kautsi kobiriwira ndi fungo la oyilo wopsa. Achikulire amacheuka, chifukwa kulira kumeneko amakudziwa. Imeneyo imakhala Yamaha AG100 kapena DT125, mthuthuthu wa alangizi ndi akapitawo.

Njinga zoterezi zidakalipo zambiri m'boma la Thyolo, kungoti zochuluka sizili pamsewu. Zili kuseri kwa nyumba, m'zigafa, m'makhitchini akale, zina zitafunditsidwa masaka, nkhuku zikuikira mazira pansi pa injini. Mwini wake ukamufunsa amangoti inafa. Koma amakaniko amene anazolowera kuzitsegula amadziwa kuti zambiri mwa izo sizinafe. Zinangoima tsiku lina chifukwa cha kanthu kakang'ono, ndalama yokonzetsera sinapezeke mwezi umenewo, ndipo kuimako kunadzawononga zambiri kuposa zimene msewu unawononga.

Mmene zinafikira kuno

Thyolo ndi dera la minda ikuluikulu ya tiyi. Esiteti ya Satemwa inayambitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo pali ina yodziwika monga Conforzi, Makandi ndi Naming'omba. Pa Bvumbwe pomwepo pali malo a boma ofufuzira za ulimi, otchuka pa nkhani ya zipatso ndi ndiwo zamasamba. Ntchito zonsezi zimafuna munthu woyendera minda, ndipo njira za m'minda ya tiyi ndi zokwera ndi zotsika, za dothi lofiira loterera ngati therere mvula ikagwa. Galimoto imafika pena ndi pena. Njinga yamoto imafika paliponse.

N'chifukwa chake njinga za ku Japan zinakhazikika. Yamaha AG100 inatuluka mu 1973, ndipo inapangidwira alimi a ku Australia ndi New Zealand. Tcheni chake ndi chotsekeredwa m'chikuto kuti matope asachidye, ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo magiya ake oyamba ndi odekha moti imakwera chitunda pa liwiro la munthu woyenda pansi. Zimene zinkathandiza mlimi wa nkhosa kutali uko zinadzathandizanso mlangizi wa zaulimi ndi wa zaumoyo kuno kwathu. Boma ndi mabungwe ankagula njinga zamtunduwu, pamodzi ndi DT125, AG200 ndi Honda XL125, ndipo zikakalamba ankazigulitsa pa okushoni kapena kwa ogwira ntchito awo omwe. Umu ndi mmene zinalowera m'makomo mwa anthu.

Mbiri ya Honda CG125 ndi yoyenera kuidziwa aliyense wokwera kabaza. Akatswiri a Honda atayendera mayiko angapo a ku Asia anapeza kuti anthu amasenzetsa njinga katundu woposa muyezo ndipo oyilo sasintha mpaka atada ngati phula. M'malo mowadzudzula, anapanga injini yopirira nkhanza zoterozo, ndipo inatuluka mu 1975. Mainjini ambiri a njinga za ku China zimene zadzaza pa Bvumbwe lero anatengera kapangidwe ka injini imeneyo. Mnyamata amene waphunzira kumasula njinga yakale ya Honda, ndiye kuti waphunziranso mkati mwa njinga imene akudyera lero.

Sikuluwu ikakana

Ntchito yodzutsa njinga yogona imayamba ndi madzi ndi sopo, kenako kuyang'ana. Makaniko wanzeru sathamangira kuponda kiki. Amachotsa pulagi, n'kuthira oyilo pang'ono pabowo lake, kenako n'kukankha kiki ndi dzanja kuti amve ngati pisitoni ikuyenda. Ikakhala kuti yagwira, amathira dizilo kapena oyilo wopepuka pabowo lomwelo n'kuisiya masiku angapo, ndiye n'kuiika m'giya yapamwamba n'kumaikankha chamtsogolo ndi cham'mbuyo pang'onopang'ono mpaka itamasuka. Woponda kiki ndi mphamvu zake zonse pa tsiku loyamba amathyola maring'i, ndipo ntchito ya ndalama zochepa imasanduka yodula.

Koma nkhondo yeniyeni ili pa masikuluwu.

Thyolo ndi dera lachinyezi. Mvula imagwa yambiri, ndipo ngakhale m'nyengo yozizira, pamene madera ena auma, kuno chiperoni chimanyowetsa chilichonse chili panja. Chinyezi chimenechi ndicho chimakondweretsa tiyi, ndipo ndicho chimadya zitsulo. Sikuluwu ndi yachitsulo, pamene chikuto cha injini ndi cha aluminiyamu. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikagundana pamalo onyowa, aluminiyamu amayamba kudyeka n'kutulutsa kaufa koyera kamene kamadzaza m'mazinga. Nacho chitsulo chimachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokerako. Sikuluwu imatupa m'bowo mwake, n'kukhala ngati anaiwotcherera.

Apa pali chinthu chimene amakaniko ambiri sanauzidwepo, ndipo chawononga mainjini osawerengeka. Sikuluwu ya mutu wamtanda ya pa njinga za ku Japan imaoneka ngati ija ya mtundu wa Phillips, koma si yomweyo. Inapangidwa motsata muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS, ndipo nthawi zambiri imakhala ndi kadontho kamodzi pamutu, pambali pa mtandawo. Sikuludiraiva ya Phillips, imene ndiyo yodzaza m'misika yathu, siikhala bwino mpaka pansi pa mtanda umenewu. Munthu akapotoza mwamphamvu imakwera n'kuterereka, ndipo kuterereka kulikonse kumasenga mutu wa sikuluwu. Kawiri, katatu, mtanda uja wasanduka dzenje lozungulira. Anthu amati masikuluwu a ku Japan ndi ofewa, chonsecho vuto lili pa chida. Sikuludiraiva ya JIS ndi yovuta kuipeza kuno, koma amene alibe angathe kupala pang'ono nsonga ya Phillips ndi tupa kuti izilowa mpaka m'mbali mwa mtanda, ndipo kusiyana kwake kumamveka m'dzanja.

Wodziwa ntchito amayamba ndi kutokosa dothi lonse m'mutu wa sikuluwu, chifukwa dothi lofiira la kuno likauma limalimba ngati njerwa ndipo limaletsa chida kulowa. Kenako amathira mafuta omasulira. WD-40 ndi wodziwika, koma m'magalaja ambiri amagwiritsa ntchito palafini, dizilo kapena buleki fuluwidi. Zonsezi zimathandiza, bola kukumbukira kuti buleki fuluwidi amasupula penti. Chachikulu ndi nthawi. Mafutawo amafunika kuyenda m'mazinga usiku wonse, mwinanso masiku awiri, ndipo apa mpamene ambiri amalephera, chifukwa mwini njinga ali chiimire pambali kufunsa kuti itha liti.

M'mawa mwake makaniko amaika sikuludiraiva pamutu paja n'kuigogoda ndi hamala kangapo, mosapitirira muyezo. Kugogodako kumaswa dzimbiri la m'mazinga. Ena amayamba ndi kulimbitsa pang'ono asanamasule, ndipo zimagwira ntchito. Chida chimene chimaposa zonse pamenepa ndi chija amachitcha impact driver, chitsulo chonenepa ngati chitsononkho chimene ukachimenya ndi hamala chimakankhira pansi ndi kupotoza nthawi imodzi. Sichidula kwambiri poyerekeza ndi chikuto cha injini chimene chimapulumutsa, ndipo galaja iliyonse yokonza njinga imayenera kukhala nacho.

Zikakanika, pamabwera moto. Aluminiyamu akatenthedwa amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho kutenthetsa chikuto mozungulira sikuluwu kumakulitsa bowo ndipo sikuluwuyo imapeza mpata. Koma moto ndi petulo sizionana. Thanki iyenera kuchotsedwa ndi kuikidwa kutali, kabuleta ikhuthulidwe, ndipo pafupi pasakhale chigubu chilichonse. Nthawi zambiri madzi owira a m'ketulo amakwanira, makamaka pa kabuleta, imene chitsulo chake sichichedwa kusungunuka.

Nanga mutu ukatha? Ngati sikuluwu yatulukira kunja, amaicheka mzere ndi sowo yazitsulo kuti ilowe sikuludiraiva yaphwatalala, kapena amaigwira ndi pulayala yokhoma. Ena amaizunguza ndi tchizulo chaching'ono pogogoda m'mphepete mwa mutu. Njira ina ndiyo kuboola mutuwo mpaka utathothoka. Chikuto chikachoka, thunthu lotsala nthawi zambiri limamasuka mosavuta, poti chimene chinkalikoka chachoka. Bawuti ikadukira mkati, owotcherera a pamsika amaikapo nati n'kuwotcherera pakati pake, ndipo kutentha kwa ntchitoyo kumathandizanso kuimasula. Chida chimene chimafuna kusamala kwambiri ndi kachida kolowetsa m'bowo kokokera bawuti yoduka. N'kolimba koma n'kosachedwa kuthyoka, ndipo kakathyokera mkati palibe chobowolera wamba chimene chingakaboole.

Palinso msampha wina. Pa njinga zambiri za Yamaha, galasi la kumanja lili ndi mazinga obwerera. Amene sakudziwa amalimbitsa poganiza kuti akumasula, mpaka china chake chithyoke. Ndipo amene angapeze njinga yakale kwambiri ya ku Britain, monga BSA Bantam imene inapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971, adziwe kuti masipanala a mamilimita sakwana bwino pa mabawuti ake, chifukwa miyezo yake ndi ya Chingelezi chakale.

Pobwezeretsa, wosamala amapaka girisi pang'ono m'mazinga, ndipo masikuluwu otha mitu amawataya n'kuikapo mabawuti omasula ndi kiyi wa Allen. Amene adzatsegule injiniyo zaka khumi zikubwerazi adzamuthokoza.

Mkati mwa kabuleta

Kabuleta ndi kachitsulo kokwana m'dzanja kamene kamakhala pakati pa sefa ya mpweya ndi injini. Ntchito yake ndi kusakaniza petulo ndi mpweya pa muyezo woyenera. Kuti petulo apse bwino, galamu imodzi imafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Mkati mwa kabuleta muli njira yopanikizika pakati. Pisitoni ikakoka mpweya, mpweyawo umathamanga podutsa popanikizikapo, ndipo kuthamangako kumayamwa petulo kuchokera m'kambale ka pansi kudzera m'timabowo ting'onoting'ono. Mulibe pampu, mulibe magetsi, mulibe kompyuta. Njinga za Honda kawirikawiri zimakhala ndi kabuleta ya Keihin, za Yamaha ndi Suzuki ya Mikuni, koma kagwiridwe kake ndi kofanana.

Timabowoto tili pa tizitsulo ta mkuwa wachikasu totchedwa majeti. Jeti yaikulu imadyetsa injini munthu akakoka moto wonse. Jeti yaing'ono imagwira ntchito poliza ndi pamene njinga ikulira itaima, ndipo bowo lake pa njinga zazing'onozi silifika ngakhale theka la milimita. Kachitsotso kamodzi kamakwanira kulitseka. Njinga imene imalira pokhapokha tchoki ili yokoka, n'kuzima ukangoibweza, ikunena yokha kuti jeti yaing'ono yatsekeka. Imene imalira bwino itaima koma n'kutsamwa pa chitunda, vuto lili pa jeti yaikulu kapena petulo sakufika mokwanira. Imene ikudontha petulo pansi, ndiye kuti fuloti, choyandama cha m'kambale, kapena kasingano kake kotsekera sikakugwira.

Petulo akakhalitsa m'kambale kaja, mbali yake yopepuka imauluka, n'kutsala zomata zofiirira ngati manyuchi ouma. Kuno ku Malawi palinso china chowonjezera. Kuyambira 1982 petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, poyamba wa ku Dwangwa, kenako kuyambira 2004 wa fakitale ya PressCane ku Chikwawa. Zimenezi zathandiza dziko kusunga ndalama zakunja, ndipo njinga yoyenda tsiku ndi tsiku siivutika nazo. Koma ethanol amayamwa chinyezi cha mumpweya. Njinga ikaima miyezi yambiri m'dera lonyowa ngati Thyolo, madzi amasonkhana pansi pa thanki ndi m'kabuleta, thanki imachita dzimbiri mkati, ndipo m'kambale mumamera zoyera ndi zobiriwira. Mapaipi ndi timalabala takale, timene sitinapangidwire mafuta oterewa, timauma kapena kufewa. Onjezanipo petulo wa m'zigubu amene anthu amagula m'nthawi za kusowa kwa mafuta, wodzera m'mabotolo ndi m'mafanulo osatsuka, ndiye mumvetsa chifukwa chake kabuleta ndiyo imayamba kudwala.

Kuitsuka sikufuna zida zodula. Kumafuna malo oyera ndi mutu wodekha. Makaniko wabwino amayala nsalu yoyera kapena kugwiritsa ntchito beseni, chifukwa kasipuling'i kakagwera m'dothi la pagalaja kapita basi. Masiku ano amajambulanso ndi foni asanachotse chilichonse. Amamasula masikuluwu a kambale, amenenso ndi a JIS aja, n'kukankha kamtanda kogwira fuloti mosamala kwambiri, poti timizati timene kamakhalapo tikathyoka kabuleta yonse yatha ntchito. Fuloti yamkuwa amaigwedeza pafupi ndi khutu. Ikamveka kuti muli madzi, ndiye kuti inabooka, ndipo siingayandamenso.

Pambali pa kabuleta pali kasikuluwu kosinthira muyezo wa mpweya kapena wa petulo pa jeti yaing'ono. Asanakachotse amakalowetsa pang'onopang'ono mpaka kagunde, uku akuwerenga kuti kazungulira kangati, n'kulemba penapake. Pa njinga zambiri kamakhala cha pa kamodzi ndi theka, koma iliyonse ili ndi pake. Kukakanikiza mwamphamvu kumawononga nsonga yake.

Zachitsulo zonse amaziviika m'mankhwala otsukira kabuleta, kapena m'palafini ngati mankhwalawo palibe, atachotsa kaye zalabala ndi zapulasitiki. Ena amaziphika m'madzi a mandimu kwa mphindi zochepa, ndipo mandimu pa Bvumbwe sasowa. Chimene sichiyenera kuyandikira kabuleta ndi soda wopangira sopo. Ameneyu ndi wabwino pochotsa mwaye m'ekizozi yachitsulo, koma aluminiyamu amamudya.

Ndiye pali nkhani ya singano. M'magalaja ambiri jeti yotsekeka amaitokosa ndi singano yosokera kapena ndi waya wa kebulo ya buleki. Jeti imatsegukadi, njinga n'kulira, mwini wake n'kulipira akusekerera. Koma chitsulo n'cholimba kuposa mkuwa, ndipo bowo lija lakula. Kuyambira tsiku limenelo njingayo imamwa petulo wambiri, pulagi imada msangamsanga, ndipo palibe amene amaganizira za singano ija. Choyenera ndi kaulusi kamodzi ka waya wamagetsi wofewa, kapena katsitsi ka bulashi yapulasitiki, kenako kupemerera mpweya ndi kompuresa kapena pampu ya njinga yakapalasa. Jeti yoyera ukaiyang'anitsa kudzuwa, kuwala kumaoneka kozungulira bwinobwino. Nambala yolembedwa pa jetiyo ndiyo kukula kwake, ndipo pogula ina ndi bwino kutenga yakaleyo m'thumba.

Timinjira ta mkati mwa kabuleta yeniyeniyo natonso timafunika kupemereredwa, kalikonse pakokha, mpaka mpweya utulukire mbali inayo. Ambiri amatsuka majeti okha n'kuiwala timeneti, kenako n'kumadabwa kuti njinga siinasinthe.

Kutsuka kabuleta n'kusiya thanki yadzimbiri ndi kutaya nthawi, chifukwa pasanathe sabata zinyalala zidzakhala zitabwerera. Thanki amaithira manati ndi mabawuti akale n'kuikhutchumula mpaka dzimbiri lokakamira lithothoke, kenako n'kuidzaza viniga kwa tsiku limodzi kapena awiri, kuitsukuluza, ndi kuiumitsa msanga padzuwa isanayambenso dzimbiri. Pakati pa thanki ndi kabuleta amaikapo kasefa kakang'ono ka petulo. Thanki yobooka isapite kwa wowotcherera isanatsukidwe mokwanira. Ngakhale ioneke youma, mpweya wa petulo wotsalira mkati umaphulika, ndipo anthu avulalapo.

Tsiku loliza

Zisanafike poliza pali zina zoyang'ana, koma n'zachidule. Oyilo wakale atuluke. Sefa ya mpweya, imene mbewa zimakonda kumangamo zisa, isinthidwe. Pulagi aigundike ku injini n'kuponda kiki kuti aone ngati moto ukuthetheka. Pa njinga zakale zokhala ndi mapointi, kungowapala pang'ono kumabwezeretsa moto umene unasowa zaka zambiri.

Pa AG100 ndi DT125 pali chinthu chimodzi chosayenera kuiwalika. Mainjini amenewa amawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, ndipo n'chifukwa chake amafuka. Oyilo wake, amene m'masitolo amalembedwa 2T, amachokera m'kathanki kapadera kudzera pa kapampu. Kapampuko kakakhala kuti kanauma kapena muli mpweya, injini imalira bwinobwino kwa mphindi zingapo kenako pisitoni n'kugwira. Ochenjera amathira oyilo pang'ono m'petulo woyamba mpaka atatsimikiza kuti kapampu kakugwira ntchito. Timalabala totsekera m'mbali mwa injini natonso timauma njinga ikakhalitsa, n'kumalowetsa mpweya wosafunika. Njinga ikamakwera moto yokha osabwerera, pokayikira ndi pamenepo.

Kenako mpopi wa petulo umatsegulidwa, tchoki ikokedwa, phazi pa kiki. Kamodzi, kawiri, kachisanu, kenako kutsokomola, ndiye phokoso lija. Utsi umadzaza bwalo, ana amathamangira kudzaona, ndipo mwini wake, amene mwina njingayo inali ya malemu bambo ake, amangoima chete. Amene anaonapo mphindi imeneyi amamvetsa chifukwa chake munthu angathere milungu itatu akulimbana ndi masikuluwu.

Injini ikatentha, makaniko amasintha kasikuluwu kaja pang'onopang'ono mpaka kulira kukhazikike, ndipo akayenda nayo amachotsa pulagi n'kuiwerenga. Nsonga ya mtundu wa tiyi wamkaka ikutanthauza kuti zili bwino. Yakuda ngati mwaye ikuti petulo wachuluka. Yoyera mbuu ikuti petulo wachepa, ndipo imeneyo ndiyo yoopsa chifukwa injini imatentha mpaka kuboola pisitoni. Malo nawonso ali ndi mbali yake. Bvumbwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo. Njinga yochunidwa mothina kuno ikatsikira ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene mpweya ndi wolemera komanso n'kotentha, imayamba kuperewera petulo. Ndi bwino kuisiyira kampata.

Kulira kwa injini sikutanthauza kuti njinga yatha kukonzedwa, ndipo pamenepa wolemba nkhaniyi sakufuna kunyengerera. Tayala likhoza kukhala ndi mapanga ake onse koma litauma ndi kung'aluka m'mbali. Pa matayala opangidwa kuyambira chaka cha 2000 pamalembedwa manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo ndi bwino kuwawerenga. Mabuleki akale amamatuka pa chitsulo chawo n'kukhoma gudumu mwadzidzidzi. Makebulo amadyeka mkati mosaoneka, masipoko amamasuka. Msewu wa ku Thyolo uli ndi makona, zitunda, malole a tiyi ndi nkhungu yotseka maso. Ndalama ikachepa, penti ndi zomata zidikire, koma mabuleki, matayala ndi nyali zisadikire.

Zipangizo zimapezeka, ngakhale movutikira. Limbe ili pamtunda wosakwana makilomita 20, ndipo amene walephera kumeneko amapitirira ku msika wa Ndirande. Zambiri zogulitsidwa ndi zongofanizira. Pali kabuleta zatsopano zotchipa zimene zimakwana pa njinga zakalezi, ndipo amakaniko ena amafulumira kuuza mwini njinga kuti angogula imeneyo. Kawirikawiri ndi uphungu wolakwika. Mikuni kapena Keihin yoyambirira, ngati siinathyoke kapena kukhuthuka mkati, ikatsukidwa bwino imaposa yongofanizirayo, chifukwa majeti ake anayezedwera injini imeneyo. Amene wasankha kusintha, yakaleyo aisunge m'chitini.

Mapepala nawo ndi mbali ya ntchito. Njinga yogulidwa pa okushoni kapena yosiyidwa ndi malemu nthawi zambiri bulubuku yake imakhala m'dzina la wina, kapena inatayika. Asanawononge ndalama pa zitsulo, munthu ayambe wafananiza manambala a pa injini ndi pa felemu ndi a m'mapepala, n'kukafunsa ku ofesi ya Road Traffic mu Blantyre za kasinthidwe ka umwini. Inshulansi, laisensi ndi chipewa choteteza mutu ndi zofunika pa mthuthuthu wa zaka 40 monga mmene zilili pa wa dzulo.

Vuto la njinga zoimikidwa si la Thyolo yokha. Bungwe la Riders for Health, limene kuno ku Malawi limanyamula magazi ndi zina zokayezetsa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono, linayamba pamene Barry ndi Andrea Coleman pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa njinga Randy Mamola anaona njinga za zaumoyo zitaunjikidwa m'mayiko a mu Africa, zina zisanayende mtunda wautali, chifukwa chosowa chisamaliro chaching'ono. Yankho lawo linali kuphunzitsa wokwera aliyense kuyang'ana njinga yake tsiku ndi tsiku ndi kusintha zinthu zisanawonongeke. Luso limeneli ndi lofunika kwambiri lero, pamene kabaza wasanduka ntchito ya achinyamata ochuluka chotere. Ambiri mwa amakaniko a m'misika yathu anaphunzira poonerera, ndipo manja awo ndi aluso. Chimene chimawasowa nthawi zambiri ndi zida zoyenera zochepa chabe ndi munthu wowafotokozera chifukwa chake. TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja monga Soche Technical College ku Limbe angachite bwino kuwafikira komwe ali, pansi pa mitengo ndi m'zisakasa zawo.

Kwa inu amene muli ndi njinga yoti iima kwa kanthawi, kaya chifukwa cha ulendo, matenda kapena kusowa kwa ndalama, chitani izi tsiku lomwe mukuiimikalo. Tsekani mpopi wa petulo, masulani kasikuluwu ka pansi pa kambale kuti kabuleta ikhuthuke, thirani supuni ya oyilo pabowo la pulagi, ndipo muiike pansi pa denga, matayala asakugunda dothi. Ngati ilipo kale ina imene yagona zaka kuseri kwa nyumba, musaipereke kwa ogula zitsulo zakutha makaniko wodekha asanaitsegule.